Mawu Ogonera pa Magudumu Awiri: Poyambira kwa Wofuna Makina a Tepi ya Reel

Nkhani yomwe idakambidwa ku Namitete pamaso pa mafumu, makolo, oimba kwaya ndi achinyamata ophunzira ntchito zamanja

 

Pamene timatsitsa katundu uyu pa minibasi m'mawa uja, mnyamata wina wa kabaza anandifunsa ngati ndabwera kudzaonetsa kanema. Mayi wogulitsa mandasi pambali pake anamutsutsa, nati imeneyi ndi sikelo ya fodya. Sindinawaseke, chifukwa chinthu ichi chidasowa pamaso pa anthu iwo asanabadwe. Dzina lake ndi Revox A77. Makina a mtundu umenewu adayamba kupangidwa m'chaka cha 1967 ndi kampani ya Willi Studer wa ku Switzerland, ndipo amalemera makilogalamu pafupifupi 15. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kusunga mawu pa tepi yoyenda kuchoka pa gudumu lakumanzere kupita pa lakumanja, n'kudzawabweza tsiku limene mwawafuna. A ku wailesi timangoti tepi ya reel.

Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, anthu a makutu osankha ndi matumba olemera abwereranso ku makina amenewa. Akuti nyimbo sizikoma pena paliponse monga zikomera apa. Ena mwa inu mwaziona pa foni, n'chifukwa chake munandipempha kuti ndidzafotokoze poyambira. Ndifotokoza zonse, mitengo yomwe. Koma ndineneretu kumene ndikulowera. Mzungu wa ku London akagula makina awa, amagula chosangalatsa cha pabalaza. Ife tikawaphunzira, tapeza kiyi wa nyumba imene mudatsekeredwa mawu a agogo athu. Choncho kwathu kuno woyamba ayambire m'khutu ndi m'manja, za m'thumba zibwere pambuyo.

Dzimbiri lokumbukira

Ndikupatsirani kachidutswa ka tepi kuti kayende m'manja mwanu. Mulifupi mwake ndi mamilimita 6.35. Mbali imodzi ndi pulasitiki, inayo idapakidwa ufa wosalala kwambiri wa dzimbiri la chitsulo, womatidwa ndi guluu. Inde, dzimbiri lomwe lija limadya malata ndi makasu athu. Tinthu ta ufa umenewu timasanduka timaginito tating'onoting'ono, ndipo tikalozetsedwa mbali ina timakhala choncho zaka ndi zaka.

Apa pakati, pamene tepi ikudutsa, pali tizitsulo titatu tosalala totchedwa mitu. Woyamba umafufuta zakale. Wachiwiri umalemba: mawu olowa pa maikolofoni amasanduka mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, mutuwo n'kumaisandutsa maginito amene amandandalika ufa uja. Wachitatu umawerenga, kubweza zonse kuti zituluke pa sipika. Ubwino wa mitu itatu ndi wakuti mukamajambula kwaya mumatha kumva nthawi yomweyo zimene zalowadi pa tepi, osadikira kuti oimba abalalike kenako n'kupeza kuti mwajambula mphepo.

Pali chinsinsi china chotchedwa bias. Amayi akudziwa kuti ufa sudutsa bwino pa sefa yongokhala chete, umafuna kuigwedeza. Ufa wa pa tepi nawo ndi wouma khosi. Choncho makina amasakaniza nyimbo ndi kulira kwina kwapamwamba kwambiri, kumene khutu la munthu silingamve, kuti kugwedeze timaginito tija tilandire mawu mosalala. Popanda kugwedeza kumeneku mawu amatuluka osasa ngati a munthu wa chimfine.

Kenako tiyang'ane kamtengo kachitsulo aka kotchedwa capstan, ndi kagudumu ka mphira kokanikiza tepi pa iko, kotchedwa pinch roller. Ziwirizi ndizo zimakoka tepi pa liwiro losasintha. Magudumu aakuluwa angoti kupereka ndi kulandira basi. Kamphira aka kakauma kapena kufewa ngati phula, woimba amamveka ngati waledzera.

Tsono chimene chimasiyanitsa reel ndi kaseti imene tidakulira nayo n'chiyani? Ndi kukula kwa munda. Kaseti, imene kampani ya Philips idatulutsa mu 1963, imayenda masentimita 4.76 pa sekondi, ndipo kanjira ka mawu a sipika imodzi n'kopyapyala kosafika milimita. Reel ya pakhomo imayenda masentimita 9.5 kapena 19, ya ku studio 38, ina mpaka 76, ndipo pa makina a tinjira tiwiri kanjira kalikonse n'kotambalala mamilimita awiri. Mukawerengetsa, sekondi imodzi ya nyimbo pa liwiro la 38 imapatsidwa malo oposa a pa kaseti maulendo 20 ndi kupitirira. Mlimi aliyense wa ku Nsaru kapena ku Kabudula akudziwa zimene chimanga chimachita chikabzalidwa mothithikana, ndi zimene chimachita chikapatsidwa mpata. Mawu nawo ndi chimodzimodzi. Pa munda waukulu, ng'oma ya mbalule imamveka payokha, mpanje payokha, kuwomba m'manja pakokha, ndipo kaphokoso ka tepi kaja, konga mvula yowaza pa malata akutali, kamatsalira pansi.

Kumene zidachokera

Mbiri yake ndiidutsa mothamanga. Fritz Pfleumer adalembetsa luso lopaka ufa wa maginito pa kansalu ka pepala ku Germany mu 1928. Kampani ya AEG idapanga makina otchedwa Magnetophon, BASF idapanga tepi yake, ndipo adazionetsa ku Berlin mu 1935. Mu 1940 Walter Weber, katswiri wa ku wailesi ya dzikolo, adapeza ubwino wa kugwedeza kuja, mawu n'kuyera moti omvera sankasiyanitsa zojambulidwa ndi zoulutsidwa pompopompo. Nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wa ku America dzina lake Jack Mullin adatengera kwawo makina awiri. Woimba Bing Crosby, amene adatopa ndi kuimba pa wailesi nthawi yoikika, adaikapo ndalama, ndipo mu 1948 kampani ya Ampex idatulutsa makina ake oyamba a tepi. Kuchokera pamenepo mpaka cha m'ma 1980, pafupifupi chimbale chilichonse cha padziko chinkayamba chakhala pa tepi. Gulu la Beatles lidajambula chimbale chawo cha 1967 ku Abbey Road pa makina a Studer, abale ake a awa ali patsogolo panuwa.

Padabweranso makina onyamula paphewa. Stefan Kudelski adapanga Nagra ku Switzerland mu 1951, ndipo ku Germany kudatuluka Uher, bwenzi la atolankhani a wailesi. Amenewa ndiwo adafika pansi pa mitengo ya m'midzi yathu.

Mawu athu ali kuti

Apa ndichedwapo, chifukwa ndiye pamtima pa nkhani.

M'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, Hugh Tracey adayenda m'dziko muno, nthawiyo likutchedwa Nyasaland, ali ndi galimoto, jenereta ndi makina a tepi. Jenereta ankaiika kutali, n'kukoka chingwe chachitali, kuti phokoso lake lisalowe m'nyimbo. Maikolofoni ankaigwira m'manja, kuisendeza kwa wotsogolera nyimbo, kenako kwa ovomera, kenako ku ng'oma. Adajambula Achewa a m'maboma monga Kasungu, Lilongwe ndi Dedza: nyimbo za pamtondo, za bangwe, za kalimba, za magule. Zonsezi zikusungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene iye adaikhazikitsa mu 1954 ndipo lero ili pa yunivesite ya Rhodes ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Mtsikana amene ankasinja akuimba tsiku limenelo, ngati ali moyo, ndi gogo wa zidzukulutudzi. Koma pa tepi akadali namwali, mpweya wake ukumveka pakati pa kugunda kwa munsi.

Mmodzi mwa amene adagwirapo ntchito ndi Tracey adali Alick Nkhata, amene pambuyo pake adatchuka pa wailesi ya ku Lusaka. Wailesi imeneyo inkaulutsa m'Chinyanja, ndipo makolo athu ankaimvera pa kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kamene kadatuluka mu 1949 kooneka ngati sefuliya.

Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana ndi anyamata awiri apachibale, Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka, n'kuwajambula akuimba ndi gitala ndi chitoliro. Daniel adatisiya mu 1987, Donald mu 2001, koma zala zawo zikuyendabe pa matepi amene ena akusungidwa ku Vienna.

Nkhokwe yaikulu koposa ili kwathu konkuno. MBC idayamba mu 1964, ndipo kwa zaka zambiri woimba wofuna kumveka m'dziko muno ankayenera kukwera basi kupita ku studio zake ku Blantyre. Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, Robert Fumulani ndi Likhubula River Jazz Band, Stonard Lungu, Michael Yekha, MBC Band, onsewa tidawamva kuchokera pa magudumu awiri ngati awa. Ojambula a wailesi ankayendanso m'midzi kutolera magule amene tinkawamva pa Nyimbo za M'maboma. Masewero a Kapalepale ndi Pamajiga, amene ankatisonkhanitsa pa khonde la mwini wailesi, ankadulidwa ndi lezala n'kulumikizidwa pa tepi. M'zaka zapitazi MBC, mothandizidwa ndi dziko la Norway, idagwira ntchito yosamutsira nyimbo za pa matepi ake akale pa kompyuta. Imeneyo ndi ntchito yotamandika.

Koma si matepi onse adapita ku Blantyre kapena kunja. Ansembe ndi abusa a m'mamishoni ankajambula makwaya ndi maphunziro a chilankhulo. Aphunzitsi ena adali ndi makina awo. Amalume athu obwera ku Joni ndi ku Halale ankabwera ndi njinga, galamafoni, wailesi, ndipo mmodzimmodzi ankabwera ndi makina a tepi. Dera lathu lino, kuyambira Mpingu mpaka Nambuma, ndi la mamishoni akale, masukulu akale ndi maesiteti a fodya. Muli makabati osatsegulidwa m'nyumba zimenezi. Amene adzatsegule n'kupeza bokosi lafulati lokhala ndi gudumu m'kati, adzalitengera kwa yani?

Chifukwa chake olemera abwerera

Amene mudagulako kaseti pa msika mukukumbukira kuti ina inkamveka ngati woimba ali m'chitsime. Inali yojambulidwa kuchokera ku kaseti ina, imenenso idachokera ku inzake. Kujambula kulikonse kwa tepi kumataya kanthu, monga masamba a tiyi ophikidwa kachitatu. Tepi yoyamba ya ku studio, imene amaitcha master, ndiyo tiyi wa kapu yoyamba. Chimbale cha galamafoni ndi kaseti ndi zidzukulu zake chabe.

Mu 2007 akatswiri ena a ku California adayambitsa The Tape Project, kugulitsa matepi okopedwa pafupi kwambiri ndi master, pa liwiro la 38 ndi tinjira tiwiri. Makampani ena monga Analogue Productions adatsatira. Chimbale chimodzi chimadza pa magudumu awiri aakulu, mtengo wake madola mazana anayi kapena kuposa. Tepi yatsopano yopanda kanthu ikupangidwabe, ku France ndi Recording The Masters, ku America ndi ATR Magnetics. Gudumu lalikulu la masentimita 26.5 limanyamula tepi ya mamita 760, yokwana kuzungulira bwalo la mpira kawiri, koma pa liwiro la 38 imatha m'mphindi 33 zokha, ndipo mtengo wake ndi madola makumi angapo. Mu 2024 Revox idatulutsanso makina atsopano a B77, pa mtengo woposa madola 15,000. Werengetsani nokha kuti amenewo ndi mabelo angati a fodya.

Kodi ndiye kuti tepi imaposa kompyuta? Ndikuyankhani monga munthu amene wadya za tepi moyo wake wonse. Mukayeza ndi zipangizo, kompyuta yabwino imapambana: ilibe kaphokoso, liwiro lake silisintha, ndipo mukakopa kambirimbiri sipatayika kanthu. Chimene tepi ili nacho ndi khalidwe. Ng'oma ikagunda mopitirira muyezo, kompyuta imang'amba mawu, pamene tepi imawafinya mofatsa, n'kuwapatsa thupi limene makutu ambiri amalikonda. Chinanso, tepi siilola kudumphadumpha. Umaikoleka ndi manja, umakhala pansi, umamva nyimbo mpaka ithe. M'masiku ano a chala chosakhazikika pa foni, kukhala pansi kumeneko kwasanduka chinthu cha mtengo wapatali. Ife a kuno tidali nako kale, pa mphasa, madzulo, agogo akuyamba nthano.

Kusankha makina

Tiyerekeze kuti mwamva za makina ogulitsa, kaya ku Lilongwe, kaya mbale wanu wawaona ku Johannesburg. Safunsa adadya phula. Mafunso ake ndi awa.

Loyamba, ndi a tinjira tingati? Makina ambiri a pakhomo, monga Akai, Sony, Teac ndi Pioneer, ndi a tinjira tinayi: tiwiri popita, mukatembenuza gudumu tiwiri pobwera. A ku studio ndi ku wailesi ndi a tinjira tiwiri totambalala, ulendo umodzi basi. Mukaika tepi ya tinjira tinayi pa makina a tiwiri, mumva nyimbo ziwiri nthawi imodzi, ina ikuyenda chafutambuyo. Musathamangire kwa sing'anga, tepiyo siinalodzedwe. Revox A77 idapangidwa ya mitundu yonse iwiri, choncho dzina lokha silikuuzani, yang'anani mitu.

Lachiwiri, liwiro ndi kukula kwa magudumu. Makina a 9.5 ndi 19 okhala ndi magudumu a masentimita 18 ndi okwanira kuphunzirira, ndiponso matepi ambiri a m'makabati mwathu ndi otere. Matepi odula aja amafuna liwiro la 38, tinjira tiwiri, magudumu aakulu. Makina monga Otari MX-5050, Technics RS-1500 ndi Studer ndiwo a ntchito imeneyo.

Lachitatu, kakometsedwe ka mawu. Pojambula ndi powerenga, makina amakweza mawu ena n'kutsitsa ena motsata muyezo. Miyezo ilipo iwiri: NAB ya ku America ndi IEC, imene ena amati CCIR, ya ku Ulaya. Tepi yojambulidwa pa muyezo wina ikawerengedwa pa unzake imamveka, koma ngati ndiwo zoperewera kapena zopitirira mchere.

Lachinayi, limene lagwetsa ambiri, ndi magetsi. Athu kuno ndi a mavolti 230 ndipo amagunda maulendo 50 pa sekondi. A ku America ndi a 120, maulendo 60. A ku Japan ndi a 100. Mukalumikiza makina a ku America pa khoma lathu popanda thiransifoma, muona utsi. Ngakhale muikepo thiransifoma, ngati mota yake imatsata kugunda kwa magetsi, tepi iyenda mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, ndipo mtsikana wa soprano amveka ngati mkulu wa mpingo. A77 iyi ili ndi kosinthira mavolti kumbuyo, ndipo liwiro limalamulidwa ndi dera lakelake la magetsi m'kati. Makina ochokera ku South Africa kapena ku Britain savuta, chifukwa magetsi awo ndi ofanana ndi athu. Ndipo popeza magetsi akathima amatha kubwerera ndi ukali, gulani choteteza musanagule tepi yoyamba.

Lachisanu, mitu. Tepi ndi sandipepala wofatsa, imadya chitsulo pang'onopang'ono. Walitsani tochi pa mutu. Mukaona njira yakuya yokumbika, kapena kampata kotseguka pakati, mawu apamwamba adapita kale, ndipo mutu watsopano ungadule kuposa makinawo. Mitu ya Akai yotchedwa GX, ya galasi, imachedwa kutha.

Wogulitsa akati makina adali bwinobwino pamene ankawasunga, mufunseni kuti ndi chaka chiti. Chinthu chogona zaka 30 chili ndi malamba osungunuka, girizi wouma ngati sera, ndi makapasita okonzeka kuphulika. Musachiyatse kuti mungoona. Tsegulani kaye, pukutani, sinthani zotha. Apa ndi pamene inu ophunzira zamagetsi muli ndi mwayi woposa wa mzungu wa ndalama uja: iye amalipira wina kuti amukonzere, inu muphunzira nokha. Makina awa adapangidwa kuti azikonzedwa. Chilichonse chili poyera, chomangidwa ndi masikuluwu, ndipo mabuku ake okonzera akupezeka pa intaneti.

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku n'kosavuta. Pukutani mitu ndi njira yonse ya tepi ndi thonje lonyowetsa mu spiriti yoyera ya isopropyl. Musakhudze mutu ndi sikuludiraiva, pakuti chitsulo chimakanda ndiponso chimasiya maginito amene amafufuta mawu apamwamba pa tepi iliyonse yodutsapo. Pakapita nthawi mitu imafunika kuichotsa maginito ndi kachipangizo kake, makina ali ozimitsa ndipo matepi ali kutali. Fumbi la mwezi wa Okutobala mukulidziwa. Apa ndikuyang'ana inu akalipentala, pakuti Namitete adatchuka ndi mipando: kabati yotseka bwino, yokwezeka pansi, ndi theka la moyo wa makina awa.

Tepi imene ndidaipha

Ndikuuzeni cholakwa changa kuti inu musachibwereze. Zaka zapitazo mayi wina wachikulire adandibweretsera tepi ya kwaya ya pa mpingo wawo, yojambulidwa cha m'ma 1970. Malemu amuna awo ndiwo ankatsogolera nyimbo. Ine, podzidalira, ndidangoikoleka n'kuyatsa. Mawu a bambo aja adatuluka, mayi adagwira pakamwa. Patangopita mphindi ziwiri tepi idayamba kulira ngati mbewa, mawu n'kuzilala. Nditaimitsa, mitu yonse idali bii, yomata phala lakuda. Phala limenelo lidali nyimbo yoyamba. Ndidapulumutsa zotsalazo, koma nyimbo imene mayi adaifunitsitsa ndidaipukuta ndi thonje, n'kuitaya. Sadandikalipire. Adangoti, "Zikomo bambo, ndawamvako pang'ono." Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero.

Chidachitika n'chiyani? Alimi a fodya mukudziwa kuti tsamba la m'chigafa limauma gwa masana, koma m'mawa wa chinyezi limafewa, chifukwa limamwa madzi a mumpweya. Guluu wa matepi ambiri opangidwa m'ma 1970 ndi 1980, monga Ampex 456, amachita chimodzimodzi. Akamwa chinyezi cha madzinja makumi anayi amasanduka ulimbo, ufa wa mawu n'kumatsalira pa mitu. Mankhwala ake ndi kuumitsa tepi pa kutentha kosasintha kwa madigiri 50 mpaka 55 kwa maola ambiri, m'chipangizo choyezeka bwino, kenako kuisiya izizire. Pa mbaula ayi, pa dzuwa ayi, mu uvuni wa sikono ayi. Ikatero imakhala bwino kwa masabata ochepa, okwana kuti musamutse mawu.

Koma si tepi iliyonse yofuna moto. Zakale kwambiri, za m'ma 1950 ndi 1960, zambiri ndi za pulasitiki wotchedwa acetate. Kwezani gudumu ku kuwala: kuwala kukadutsa m'mbali mwa tepi, ndi acetate, ndipo kutentha kuiwononga. Imeneyi ikayamba kuola imanunkha viniga, ndipo iyenera kupatulidwa kwa zinzake. Tepi ya chuku, yooneka ufa woyera m'mbali, musaipume ndipo musaiike pa makina, chifukwa chuku chisamukira pa matepi ena.

Dziwaninso ichi: kaseti ili ndi timano tothyola kuti isafufutike, reel ilibe. Chala chikaphonya n'kukanikiza batani lofiira, mutu woyamba uja umadya zaka 60 mosafunsa. Pa makina owerengera matepi akale, matani batani limenelo ndi selotepi. Mawu ambiri padziko adatayika chifukwa tepi inali yodula ndipo ankaifufuta kuti ajambulepo zina. Ngakhale BBC idataya mapulogalamu ake ambiri mwa njira imeneyi.

Posunga, tepi iime chilili m'bokosi lake ngati buku, pamalo pozizira ndi pouma, kutali ndi masipika ndi mamota. Isungeni monga yathera kuimba, osaibweza mothamanga, kuti ikhale yokulungika mosalala, ndiponso kuti mawu odinda pa mkombero woyandikana asamamveke ngati mzukwa wotsogola nyimbo isanayambe.

Poyambira penipeni

Tsono mwana wanga wofuna kuyamba, ndikulangiza motere. Usayambe ndi kugula. Yamba wafunsa agogo, abusa, aphunzitsi opuma, ngati akudziwa kumene kuli matepi. Ukawapeza usawaimbe. Lemba zonse zili pa bokosi, ujambule chithunzi, ununkhize, uyang'anitse ku kuwala. Kenako musonkhane angapo, pakuti mutu umodzi susenza denga, mupeze makina amodzi a ku Japan otsika mtengo, a tinjira tinayi. Muwakonze, muphunzirire pa tepi yopanda ntchito: kukoleka, kudula mopendeketsa ndi lezala, kulumikiza ndi kamata kake koyenera, pakuti selotepi wamba amatuluka ulimbo. Jambulani kwaya yanu, chimtali cha amayi, mganda wa anyamata, mumve kusiyana kwa 9.5 ndi 19 ndi makutu anu. Manja akazolowera, m'pamene mukhudze tepi ya munthu wina.

Posamutsira pa kompyuta, sungani mawu mu WAV pa muyezo wapamwamba, 96 kHz ndi mabiti 24 monga amachitira osunga zakale. MP3 ndi yotumizirana pa WhatsApp chabe. Ikani pamalo awiri kapena atatu osiyana, ndipo tepi yeniyeniyo musataye. Lembani mayina a oimba, mudzi, chaka, mwambo wake, anthu odziwa akadali moyo. Nyimbo yopanda dzina ndi mwana wotayika pa msika.

Mafumu, pano ndikupempha inu. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha dziko lonse lapansi, koma ife tikudziwa kuti zilipo za pabwalo ndipo zilipo za kudambwe, zilipo za poyera ndipo zilipo za kutsimba. Anawa akapeza tepi ya zotere, asathamangire nayo pa Facebook. Abwere nayo kwa inu ndi kwa anamkungwi, eni ake anene choyenera kumveka ndi choyenera kusungidwa. Makina amamva zonse, koma mwambo sadziwa.

Makolo adati mawu a akulu akoma akagonera. Adanena zoona, koma sadaone guluu akumwa chinyezi. Mawu ali m'makabati athu agonera mokwanira, ndipo dzinja lililonse likudyako. Pa 27 Okutobala chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira za kusunga mawu ndi zithunzi zakale. Ndikadakonda kuti tsiku limenelo likamadzafikanso, pakhale mnyamata kapena mtsikana wa kuno amene mayi wachikulire angamupatse bokosi lake mosaopa, iye n'kudziwa kuti choyamba ndi kununkhiza, kuyatsa kumabwera pomaliza.

Tsopano ndikoleka tepi iyi. Ndi nyimbo yachiwiri ya kwaya ija, imene ndidaipulumutsa, ndipo ana a mayi aja adandilola kuti muimve. Amene muli kumbuyo sunthirani pafupi. Wina azimitse foni ikulirayo.